Chaka Chimene Sitinadzale Mtedza

Ana anga, Tadala ndi Yohane, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene bambo anu amatulukira panja munthu akangotchula mtedza wa Chalimbana. Poti tsopano ndinapuma ntchito ndipo palibenso wondiitana kuti ndikabaye jakisoni, ndaganiza zolemba nkhani yonse. Koma kuti muimvetse, ndiyambire pamene ndinayambira unamwino.

Chaka choyamba pa ntchito, kumbali ya Kapondo

Ananditumiza pa kachipatala ka zipinda zitatu ndi khonde, ndili mtsikana wa yunifomu yowala, wodzimva kuti buku lonse la zachipatala lili m'mutu mwanga. Mkulu wa pamenepo anali a Tembo, bambo wamfupi wa mawu aukali, amene ankapima odwala magalasi ali kunsonga ya mphuno. Kuyamikira munthu sankakudziwa. Ukagwira bwino ntchito ankangoti "eya," ndipo "eya" ameneyo unkayenda naye sabata yonse.

Dzuwa likafika pouma, kuyambira Seputembala, pamzere pankachuluka anthu a zilonda m'mbali mwa milomo ndi lilime lofiira lowawa. Ena khungu la pakhosi ndi kuseri kwa manja linkada n'kukakala ngati lawauka ndi moto. Yankho la m'buku ndinkalidziwa: kuchepa kwa mavitamini a B m'thupi. Ndinkakulunga timapilitsi tachikasu ta bikompulekisi m'kapepala n'kuitana wotsatira. Anthu ankatikonda timapilitsito chifukwa ukamwa mkodzo umatuluka wachikasu kwambiri, ndiye ankati matenda akutuluka. Inenso ndinkagwedeza mutu monyadira. Koma pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, nkhope zomwe zija zinkapezekanso pamzere.

Tsiku lina ndikupereka mapilitsi kwa mayi wina amene anabwera kachitatu, a Tembo anaima kumbuyo kwanga.

"Anesi, mwawafunsa kuti dzulo anadyera chiyani?"

"Ayi, bambo. Matenda awo ndi odziwikiratu."

"Afunseni."

Mayiyo anati therere. Dzana? Therere. Sabata yatha? Mfutso wa mchere wokha. Mtedza anakolola ndithu, koma wonse unakwera sikelo ya mavenda mu Juni n'kuwoloka malire.

A Tembo sanadikire kuti mayiyo atuluke. "Chachikasu chimene akusangalala nachocho si matenda, ndi mankhwala anu omwewo," anatero. "Aliyense akamwa amatayako ena mumkodzo, ngakhale ine. Koma kuti vitamini ameneyu akhazikike m'thupi amafuna pogwira, ndipo pogwira pake pamachokera ku zakudya zomanga thupi: nyemba, mtedza, mazira, usipa, nyama. Thupi likasowa zimenezi limayamba kudzidya lokha, vitamini uja n'kumangodutsa. Mukuthira chimanga m'thumba lobooka. Ndiye pali vitamini B wina, woteteza khungu, m'mimba ndi mutu. Ameneyo thupi limatha kudzipangira lokha kuchokera ku zakudya zomwezo. M'chimanga alimo koma thupi limavutika kumutenga, ndipo ife timakonola, n'kuviika mphale, madeya n'kupatsa nkhumba. Mapilitsi perekani, koma muziyamba mwafunsa za ndiwo."

Ndinawakwiyira sabata yathunthu chifukwa chondidzudzula pamaso pa wodwala. Koma kuyambira pamenepo sindinaperekenso timapilitsi tija osafunsa funso lawo, mpaka anthu a kumeneko anandipatsa dzina loti a Mwadyeranji. Dzinali linanditsatira kulikonse kumene anandisamutsira, ngakhale kumbali ya Mavwere, kumene ndinakumana ndi bambo anu akukhoma mabenchi a odwala.

Chaka chakhumi ndi chitatu, kumbali ya Mkanda

Tinafika kuno Tadala ali mu Sitandade 3, Yohane akuyamba kumene kuyenda. Mkulu wa chipatala anali a Kachingwe, munthu wamng'ono kwa ine m'zaka, waulemu, koma wokonda kuti chilichonse chiyende monga chinalembedwera. Zinthu zinkasowa. Magolovesi tinkachita kuchapa, ndipo mapilitsi amphamvu a vitamini wa khungu ndi mutu uja anatha chapakati pa chaka. Tinaitanitsa kawiri osabwera. Tinatsala ndi bikompulekisi yekha, amene ali ndi vitamini ameneyo wochepa.

Kunyumba, bambo anu ankapala matabwa ndi kulima. Chuma chawo chenicheni chinali mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, umene mbewu yake anapatsidwa ndi amayi awo asanamwalire. Chaka chilichonse ankasankha okha wabwino kwambiri, kuusunga ndi makoko ake m'thumba, n'kulipachika kudenga kuchipinda kwathu. Chaka chimenecho mtedza unagwidwa ndi matenda m'munda ndipo sitinakolole kanthu kooneka. Wakudya unatha mu Ogasiti. Linatsala thumba la kudenga lija lokha, ndipo inu mukudziwa mmene zilili kwathu kuno: ngakhale njala ivute bwanji, mbewu sadya. Munthu wodya mbewu amasekedwa mudzi wonse.

Novembala wa chaka chomwecho

Lolemba lina m'mawa panafika ngolo, m'menemo muli mayi wamng'ono atamangidwa manja ndi chitenje. Ankatchedwa Nachisale. Anabwera naye mwamuna wake, Gerevazio, amene ankanyamula matumba pa njinga kupita nawo kumalire, ndi mchemwali wa mwamunayo, a Maligerita. Nachisale anali pachitengwa, ndiye kuti ankakhala kumudzi kwa mwamuna, kutali ndi abale ake. Anali atawonda, akulankhula yekha, osadziwa kumene ali. Dzana lake anali atasiya mwana wake wa chaka chimodzi ndi miyezi, dzina lake Leya, pachitsime, iye n'kulowera kutchire. Mwanayo anamutola a Maligerita ndipo anali kwa iwo.

"Ndi misala iyi, anesi," anatero a Maligerita. "Mwana sitimupatsanso, angatiphere. Mumutumize kumene mumatumiza amisala, ife tiuza kwawo kuti akamutengere komweko."

Nditamumasula ndinaona khosi lake. Khungu linali litada mozungulira ngati wavala mkanda, kuseri kwa manja ndi pamapazi chimodzimodzi, ndipo anali akutsegula m'mimba kwa milungu. Anali pelagira, matenda aja a kusowa vitamini wa khungu ndi mutu, atafika poipa. Nditatsegula buku lake lachipatala, mtima unandiwawa. Anali atabwerapo kawiri chaka chomwecho, ndipo dzanja lolemba bikompulekisi linali langa. Ndinamufunsa za ndiwo nthawi imeneyo, inde, ndinamuuzanso kuti azithira nsinjiro, iye n'kuti chabwino. Koma sindinamufunse ngati mtedzawo anali nawo. A Mwadyeranji anafunsa theka la funso.

Gerevazio anali wonenepa bwino, chifukwa iye ankadya pachiwaya kumalire. Mkazi wake ankakhalira nsima ya ufa woyera ndi therere, ndipo apo n'kuti akuyamwitsa.

A Kachingwe anagwirizana nane kuti ndi pelagira, koma anayamba kulemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu pa ambulansi ya Lachisanu. Ndinawapempha kuti asatero. Abale anali atakana kale kupita naye monga omusamalira, ndiye akanakakhala yekha, wopanda womudyetsa ndi womusambitsa. Komanso ndinkadziwa mudzi. Mkazi akangokwezedwa ambulansi atamangidwa, dzina la wamisala limamukanirira mpaka kumanda, ndipo Leya sakanamuberekanso.

"Mayi, ndakumvani," anatero a Kachingwe. "Koma mankhwala enieni tilibe. Khitchini tilibe. Phala limene lilipoli ndi la ana, ndipo simukhudzako. Mumudyetsa chiyani? Malangizo?"

"Ndipeza. Ndipatseni milungu itatu."

Anaika kalatayo m'dirowa. "Milungu itatu. Akavulaza munthu kapena akatifera pano, mukayankha ndinu."

Ndinamugoneka kuchitando, kanyumba kogona odikirira odwala, ndipo amayi awiri oyembekezera amene anali kumeneko anavomera kumandiyang'anirako. Masana omwewo ndinapalasa njinga kupita kumsika. Novembala si mwezi wofunira mtedza kapena nyemba. Zimene ndinapeza zinali mbewu za m'sitolo zopakidwa mankhwala ofiira, zimene munthu sangadye. Ndinabwera ndi kausipa kodzaza m'manja, kokwana masiku awiri. Kunyumba tinali ndi nkhuku ziwiri zoikira, ndipo nazonso zinkaikira zikafuna.

Bambo anu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupala chitseko. Ndinawafotokozera zonse, iwo osasiya kupala.

"Amake Tadala, mukufuna kunena chiyani?"

"Thumba lija."

Anaika pansi chopalira. "Imeneyo ndi mbewu."

"Ndikudziwa. Ndingotapako theka."

"Munthuyo ali ndi mwamuna, ali ndi abale, ali ndi boma. Ine ndili ndi thumba limodzi, ndipo mvula ili pafupi. Ayi."

Sananene molakwa. Koma ine ndinali nditaona dzanja langa m'buku lija kawiri, ndipo sindikanatha kulemba kachitatu n'kumuyang'ana akupita. M'mawa mwake ndinakwera pampando, ndinatsitsa thumba, n'kutapa theka iwo akuona. Sindinafune kuba m'nyumba mwanga momwe. Bambo anu anatenga khasu n'kupita kumunda osamwa tiyi.

Ntchito inayamba. Ndinkasenda mtedza, kukazinga pang'ono, kusinja, n'kuthira m'phala la mgaiwa, katatu pa tsiku. Dzira likapezeka linali lake, ndipo inu awiri munkalirira mazira amenewo, mwina simukukumbukira. Bikompulekisi ndinkamupatsa pamodzi ndi chakudya, madzi a mchere ndi shuga chifukwa cha m'mimba muja, mafuta opaka pakhungu, ndipo padzuwa sindinkamulola kukhala. Masiku oyamba ankandilavulira phala kumaso, akuti ndamuthirira mankhwala oti afe. Ndinkapukuta, kudyako ineyo supuni imodzi iye akuona, n'kuyambiranso. Sabata yoyamba inatha popanda chooneka, ndipo a Kachingwe ankangodutsa osafunsa, zimene zinkandiwawa kuposa akanafunsa. Sabata yachiwiri m'mimba munaleka. Khungu lakuda lija linayamba kusupuka, pansi pake pakuoneka lina lofewa.

Lachinayi la sabata yachitatu, ndikulowa ndi mbale ya phala, anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Anesi, Leya wadya?"

Ndinakhala pansi ndi mbale yomwe. Ndinamuuza kumene mwana anali ndi zonse zimene zinachitika. Za pachitsime sanazikumbukire. Analira kwambiri, ndipo atadzigwira pachifuwa anapeza kuti mkaka unauma kale. Mawa lake a Kachingwe anamufunsa dzina la mudzi wake, la amayi ake, ndi mwezi umene tinali. Anayankha zonse, ndipo ambulansi inabwerera yopanda munthu.

Disembala

Mvula yodzalira inagwa Nachisale atakhala nafe mwezi ndi masiku. Bambo anu anali atamaliza mizere, ndipo theka lotsala lija analisenda okha, kusankha diso limodzilimodzi, n'kuika m'dengu kuti adzale Loweruka. Sabata yomweyo Gerevazio anabwera kudzatenga mkazi wake, ndipo ulendo uno funso ndinalifunsa lonse. Kunyumba kuli chiyani? Chimanga pang'ono. Nyemba? Ayi. Mtedza? Anagulitsa wonse, ndi mbewu yomwe. Nkhuku? Zinafa ndi chitopa.

Pamenepo m'pamene panali povuta penipeni. Kutapa theka loyamba kunali kwa munthu amene anali pafupi kufa, ndipo aliyense akanamvetsa. Koma tsopano Nachisale anali akuyenda, akuseka, akuthandiza amayi a kuchitando kutunga madzi. Ndikanatha kumupatsa kapepala ka mapilitsi, kumuuza za nsinjiro, n'kusamba m'manja. Kungoti ndinkadziwa kuti thupi lake linali lisanabwerere mwakale, ndipo miyezi ya njala yeniyeni, Januwale ndi Febuluwale, inali kutsogolo. Pa nsima ndi therere, mapilitsi aja akanangodutsa ngati kale, ndipo akanangosokonezeka mutu kachiwiri, mwana akanamulanda osabwezanso.

Lachisanu madzulo ndinatenga dengu lija n'kuliika pakati pa ine ndi bambo anu.

"Munalonjeza theka," anatero.

"Ndinalonjeza."

"Ndi mbewu ya amayi anga iyi. Kulibenso kwina kumene ndingakaipeze."

"Ndikudziwa, abambo a Tadala. Ndakutapirani mbale iyi kuti mudzaleko mizere iwiri, mtundu usathe. Wotsalawu ukupita ndi Nachisale."

Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana ine. Kenako anaitenga n'kukhuthulira m'dengu momwemo.

"Tengani wonse. Musandinyoze ndi mbale."

Ndikanayenera kutapanso mbale ija n'kuibisa mpaka mtima wawo utatsika. Sindinatero, chifukwa inenso ndinali nditakwiya, ndipo mukundidziwa mmene ndilili ndikakwiya. Chalimbana wa agogo anu anathera pamenepo, pakati pa anthu awiri ouma mitu. M'mizere ija munalowa mbatata. Bambo anu anakhala osandilankhula bwinobwino mpaka nthawi ya zitheba, ndipo inu chaka chonsecho munadya masamba opanda nsinjiro. Ndinaphwanya lonjezo, sindikubisa, ndipo mtedza umene tadzala zaka zonsezi sunafanepo ndi uja. Koma mutandibwezera tsiku limenelo, dengu lija ndikhoza kulinyamulanso.

Loweruka ndinaperekeza Nachisale ndekha. Iye anakwera panjinga ya mwamuna wake, ine ndinamanga thumba la mtedza pa yanga. Titafika tinapeza amayi angapo atakhala pakhonde la a Maligerita, poti mbiri inali itamveka kuti wamisala uja akubwera. Ndinapereka moni, ndinamwa madzi, kenako ndinayamba ntchito imene ndinabwerera. Ndinawaonetsa khosi la Nachisale, ndinawauza kuti matenda amene anamusokoneza mutu ndi omwewo amene anadetsa khungu, ndipo kuti si ufiti kapena za kumtundu, koma njala ya ndiwo. Amayi awiri pamenepo anabisa manja awo m'zitenje, ndipo ndinawauza kuti abwere Lolemba.

Gerevazio ndinamulankhula pamaso pa onse. "Achimwene, mtedza uwu si wogulitsa, si wodzala. Ndi mankhwala a akazi anu, kapu imodzi tsiku lililonse. Ndipo mukamadya nyama kumalireko, muzikumbukira kuti kunyumba kulinso pakamwa. Kausipa sikalemera panjinga." Amayi aja anaseka, iye n'kuwerama. Ndinamuuzanso kuti ndizibwera Loweruka lililonse kudzaona thumbalo, ndipo ndinkabweradi mpaka chimanga chinacha.

A Maligerita anali chikhalire, Leya ali kumsana kwawo. Sanali munthu woipa. Ndi iwo amene anatola mwanayo pachitsime, ndipo mantha amenewo anali asanawachoke.

"Anesi, mwalankhula bwino," anatero. "Koma inu mupita, ife titsala naye. Mwanayu atiuze yekha."

Anamutsitsa n'kumuimika pansi. Nachisale anagwada, natambasula manja. "Leya, bwera kwa amama." Mwanayo anamuyang'ana, anakuwa, n'kuthamangira kumiyendo ya a Maligerita. Kwa mwana wa msinkhu umenewo mwezi ndi nthawi yaitali, ndipo mayi amene ankamukumbukira anali uja wolankhula yekha. Ine ndinaopa kuti Nachisale alira mokweza kapena amukoka mwamphamvu, anthu n'kunena kuti misala yayambiranso.

Sanachite zimenezo. Anapukuta maso, anadzuka, n'kubwereka mtondo. Anatapa mtedza m'thumba muja, anasinja, anasefa, anakoleza moto, n'kuphika phala monga ankandionera kuchitando. Atapakula anakhala pansi, patali pang'ono ndi mwanayo, n'kumauzira supuni osamuitana. Anadyako yekha supuni imodzi. Anauziranso ina n'kungoigwira.

Tinadikira mpaka mthunzi wa nyumba unafika pankhokwe. Amayi ena anatopa n'kupita kukatunga madzi. Kenako Leya anasuntha phazi limodzi, linanso, dzanja limodzi atagwirabe nsonga ya chitenje cha a Maligerita, mpaka chitenjecho chinakokeka. Anayasamula. Anadya supuni yoyamba ali chiimire, yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachisanu anali atasiya chitenje chija, wakhala pamwendo pa mayi ake, akugwira yekha supuni.

A Maligerita anayang'ana mpaka mbale inatha. Kenako anamasula nsalu imene ankaberekera mwanayo n'kuiponya pamiyendo pa Nachisale.

"Akakhuta sachedwa kugona, mlamu. Mberekeni."

Nachisale anamubereka, koma mfundo inamasuka kawiri. Ndinafuna kudzuka kuti ndimuthandize, koma a Maligerita anandigwira mkono. Kachitatu anamanga yekha.